Kuwonjezera Mpweya Wolowa mu Injini: Mmene Mungasinthire Air Intake ndi Throttle Body

Injini ya petulo imadya mpweya wambiri kuposa mmene ambiri timaganizira. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Kuwonjezera petulo n'kosavuta, chifukwa kompyuta ya galimoto imangotsegula ma injector, timipopi topopera petulo, nthawi yotalikirapo. Mpweya ndiye wovuta. Pa injini yopanda turbo palibe chimene chimaukankhira mkati: pisitoni ikatsika, mpweya wa panja umalowa wokha kukadzaza malowo, ndipo chilichonse chouchedwetsa m'njira chimadya mphamvu. N'chifukwa chake pali malonda ambiri a mapaipi onyezimira, mafyuluta osongoka ndi ma throttle body akuluakulu. Zina mwa zipangizozi zimathandizadi. Zambiri zimangowonjezera kulira, ndipo zina zimafooketsa galimoto imene inali bwino. Kuti mudziwe gulu limene chipangizo chanu chili, muyenera kuyeza musanagule, n'kudzayezanso mutamanga. Malangizo onsewa atsamira pamenepo.

Dziwani kaye njira imene mpweya umadutsa

Tsegulani boneti injini itazizira, mutsatire njirayo ndi dzanja. Mpweya umalowera pa kamlomo kamene nthawi zambiri kamakhala kutsogolo pafupi ndi rediyeta kapena kuseri kwa nyali, n'kufika m'bokosi la fyuluta. Ukatuluka m'bokosimo umadutsa m'paipi ya rabala kapena ya pulasitiki mpaka pa throttle body, chitsulo chobowoka chimene mkati mwake muli kachitseko kozungulira. Mukaponda moto, kachitsekoko n'kamene kamatseguka. Kuchoka apo mpweya umagawika mu manifold, paipi ya nthambi, kupita ku silinda iliyonse kudzera pa mavalavu. Kamlomo, bokosi ndi paipi yofika pa throttle body, zonse pamodzi ndizo air intake.

Muli pomwepo, pezani mayankho a mafunso awiri. Loyamba: kompyuta imadziwa bwanji kuchuluka kwa mpweya? Ngati pali sensa yokhala ndi pulagi ya mawaya pa paipi, kungotuluka m'bokosi la fyuluta, imeneyo ndi MAF, ndipo imayeza mpweya wodutsa pogwiritsa ntchito kawaya kotenthetsedwa. Ngati palibe, ndiye kuti galimoto yanu imadalira sensa ya MAP imene ili pa manifold, yoyeza mphamvu ya mpweya mkati mwake. Galimoto zina zili ndi zonse ziwiri. Lachiwiri: kachitseko kaja kamakokedwa ndi chingwe chochokera pa chopondera, kapena kamayendetsedwa ndi kamota ka magetsi? Mayankho awiriwa ndi amene adzakuuzeni zimene mungasinthe nokha ndi zimene zidzafune kukonzanso pulogalamu ya kompyuta.

Ngati injini yanu ndi ya dizilo, nkhani ya throttle body yaikulu isiyeni. Dizilo imasintha mphamvu posintha kuchuluka kwa mafuta, ndipo kachitseko kamene kamapezeka pa dizilo zamakono ntchito yake ndi yothandiza EGR, njira yobwezera utsi wina mu injini, komanso kuzimitsa injini mosagwedezeka.

Bwezeretsani zimene zilipo kale

Galimoto zambiri zimene eni ake amati zikubanika zimangofuna kuyeretsa. Ikani fyuluta yatsopano. Pindani paipi ya rabala ija ndi manja, muyang'ane m'makwinya ngati mulibe ming'alu. Chotsani paipi pa throttle body, mupukute mwaye wakuda umene umamatirira m'mphepete mwa kachitseko ndi kansalu konyowetsedwa ndi mankhwala otsukira throttle. Sensa ya MAF ili ndi mankhwala akeake opopera. Musaikhudze ndi chala, nsalu kapena burashi, ndipo muidikire iume musanaibwezere. Mukayeza galimoto yauve, chipangizo chatsopano chidzaoneka ngati chachita zodabwitsa, pomwe chachita ntchito ya fyuluta yoyera basi.

Yezani

Gawo ili ndi limene anthu ambiri amalidumpha, koma ndi limene limateteza ndalama zanu. Galimoto zogulitsidwa ku United States kuyambira 1996, ndi za petulo zogulitsidwa ku Ulaya kuyambira 2001, zili ndi soketi ya OBD-II pansi pa chiwongolero, ndipo zambiri za kwina nazonso zili nayo. Kachipangizo kakang'ono ka mtundu wa ELM327 kamalowa m'soketimo n'kutumiza manambala a masensa ku foni yanu.

Yatsani kiyi koma musalize injini, muwerenge MAP. Nambala imeneyo ndi mphamvu ya mpweya wa panja pamalo pamene muli: kufupi ndi nyanja yamchere imakhala cha pa 101 kPa, kumapiri imatsika. Ilembeni. Kenako tenthetsani injini, mupite pa msewu wowongoka wopanda anthu, wina agwire foni kapena muiike kuti izijambula yokha manambalawo. Muli mu giya yachitatu, pondani moto mpaka pansi kuyambira cha pa 2,000 rpm kufikira pafupi ndi mzere wofiira. Onani MAP pamene injini inali pamwamba penipeni. Ikakhala kuti yatsika ndi 1 kapena 2 kPa yokha poyerekeza ndi nambala yoyamba ija, njira yanu ya mpweya ndi yotseguka kale, ndipo palibe paipi kapena throttle body imene idzakupatseni zambiri. Ikatsika ndi 5 kPa kapena kuposerapo, penapake pali chotsekereza chimene n'choyenera kuchisaka. Kuti mudziwe ngati ndi bokosi la fyuluta kapena ndi throttle body, lumikizani geji yoyezera vacuum pa paipi kutsogolo kwa throttle body, mubwereze ulendowo. Geji ikasonyeza kutsika komweko, vuto lili ku bokosi ndi paipi. Ikapanda kusuntha, ndiye kuti likuchokera pa throttle body. Pa galimoto ya turbo kuyeza kwa MAP kumeneku sikugwira, chifukwa manifold imakhala yopoperedwa. Geji muyenera kuiika pakati pa fyuluta ndi turbo.

Lembaninso zinthu zitatu: kutentha kwa mpweya wolowa kumene sensa ya IAT ikuwerenga galimoto ikuyenda komanso itaima, nambala yaikulu kwambiri ya MAF m'magalamu pa sekondi, ndi ma fuel trim. Ma fuel trim amasonyeza mmene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa petulo kuti ikonze zimene sensa ya oxygen yaona mu ekizozi. Pa injini yabwino amakhala pafupi ndi 0, ndipo sayenera kupitirira 10 peresenti mbali iliyonse. Akakhala kuti apitirira kale, konzani zimenezo kaye.

Kusankha air intake

Njira yofatsa kwambiri ndi kusiya bokosi la fakitale n'kuikamo fyuluta yodutsa mpweya mosavuta. Phindu lake ndi laling'ono, koma chiopsezo chakenso n'chochepa. Njira yachiwiri ndi paipi yaifupi yokhala ndi fyuluta yosongoka kumapeto, imene imakhala poyera pansi pa boneti. Ogulitsa amaitcha short ram. Yachitatu ndi cold air intake, paipi yaitali imene imapititsa fyuluta kutali ndi injini, kawirikawiri kuseri kwa bampala.

Apa nkhani yaikulu ndi kutentha. Mpweya ukatentha umatambasuka, ndiye lita imodzi imakhala ndi oxygen wochepa. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, mpweya umapepuka ndi pafupifupi 3 peresenti. Pansi pa boneti, makamaka pafupi ndi ekizozi kapena kuseri kwa rediyeta, mpweya umatha kutentha madigiri 20 kapena 30 kuposa wa panja, maka galimoto ikamayenda pang'onopang'ono. Bokosi la fakitale, lakuda ndi losaoneka bwino lija, linapangidwa kuti lizikoka mpweya wa panja. Munthu akalichotsa n'kuika fyuluta yosongoka pamwamba pa injini yotentha, amapeza mwina 2 kPa koma n'kutaya zambiri pa kutentha. Kuwonjezera apo, kompyuta ikaona kuti IAT yakwera imachedwetsa moto wa mapulagi poopa kuti injini ingayambe kugogoda, ndipo mphamvu imatsikanso kachiwiri. Mwini galimoto sazindikira, chifukwa kulira kwakula ndipo khutu limamuuza kuti galimoto yalusa. Ine short ram yopanda chotchinga kutentha sindingailimbikitse kwa aliyense. Ngati mwaikonda, gulani yokhala ndi bokosi lake kapena khoma limene limagundana ndi boneti ikatsekedwa, ndipo pakhale njira yobweretsa mpweya wa kutsogolo mpaka pa fyuluta.

Cold air intake imathetsa vuto la kutentha koma imabweretsa la madzi. Madzi safinyika ngati mpweya. Fyuluta ikamira m'chithaphwi injini ikulira, madzi amakokedwa mpaka mu silinda, pisitoni imawagunda ikukwera, ndipo chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft chimapindika kapena kuthyoka nthawi yomweyo. Mvula wamba yowaza siichita zimenezi. Choopsa ndi kumira. Yezani kutalika kwa fyuluta kuchokera pansi, ndipo ngati mumadutsa malo osefukira madzi, mtundu umenewu si wanu.

Ganiziraninso za fumbi. Ntchito yoyamba ya fyuluta ndi kuteteza injini. Mafyuluta a thonje lopakidwa mafuta, monga amene kampani ya K&N inatchuka nawo, amachapika ndipo amadutsa mpweya mosavuta, koma kawirikawiri fyuluta yabwino ya pepala imagwira fumbi losalala kuposa iwo. Opanga odalirika amayeza mafyuluta awo motsatira muyezo wa ISO 5011, ndipo mungawafunse zotsatira zake. Woyenda m'misewu ya fumbi tsiku ndi tsiku angachite bwino kusankha fyuluta yaikulu m'malo mwa yolowa mpweya mosavuta: kukula kwa malo osefera kumachepetsa kubanika popanda kulola mchenga kukapala masilinda.

Tsopano mvetserani za MAF, chifukwa apa m'pamene injini zimawonongekera. Sensa imeneyi siyeza mpweya wonse. Imangolawa pang'ono pakati pa paipi, ndipo kompyuta imawerengera wotsalawo podziwa kukula kwa paipi ya fakitale. Tiyerekeze kuti paipi yakale inali mamilimita 70 mkati ndipo yatsopano ndi 76. Malo odutsa mpweya akula ndi pafupifupi 18 peresenti, mpweya ukudutsa pa sensa mochedwerapo, ndiye sensa ikunena kuti walowa wochepa pamene walowa wambiri. Kompyuta ipereka petulo wochepa. Mukamayenda mwachifatse sensa ya oxygen imakonza cholakwacho, koma mukaponda mpaka pansi galimoto zambiri zimasiya kumvera sensa ya oxygen n'kudalira MAF. Petulo akachepa pa nthawi imeneyo, moto wa mu silinda umatentha mopitirira, injini imagogoda, ndipo pisitoni kapena valavu ikhoza kupsa. Choncho tengani choyezera, muyeze mkati mwa paipi pamalo pokhala sensa. Kukula kukhale kofanana ndi kwa fakitale, apo ayi konzekerani kukakonzetsa pulogalamu ya kompyuta. Mapaipi otchedwa okwana galimoto iliyonse ndi amene amalakwa kwambiri pamenepa.

Kumanga air intake

Injini ikhale yozizira. Jambulani chithunzi cha mmene zonse zilili, kenako masulani waya wa negative pa batire. Tulutsani pulagi ya MAF podina kotsekera kake, osakoka mawaya. Masulani makilampu, chotsani timapaipi tating'ono tolumikizidwa pa paipi yaikulu, muzule bokosi. Tsekani kukamwa kwa throttle body ndi nsalu yoyera kuti bawuti kapena kamwala kasagweremo.

Samutsani MAF mosamala. Ili ndi muvi wosonyeza kumene mpweya ukupita, ndipo muviwo uloze ku injini. Lumikizani zidutswa zonse makilampu ali omasuka, musunthe paipi mpaka itakhala bwino osakhuza rediyeta, mawaya kapena mapaipi a mabuleki, kenako mumange. Injini imagwedezeka pa zokhalira zake pamene thupi la galimoto silisuntha, ndiye payenera kukhala cholumikizira cha rabala kapena silikoni cholola kusunthako. Paipi yomangidwa gwa mbali zonse imathyoka kapena kuzula kilampu. Kapaipi kopumira injini kabwerere pa malo ake pakati pa MAF ndi throttle body. Kamlomo kalikonse kosiyidwa kotseguka pamenepo kamalowetsa mpweya umene sensa sinauwerenge. Musaiwale kuchotsa nsalu ija.

Ngati fyuluta ndi yopaka mafuta, pakani pang'ono, mudikire mafuta alowerere. Ochuluka amaulukira pa kawaya ka MAF n'kukanamiza.

Yezaninso musanapitirire ku throttle body, pa msewu womwe uja, mu giya yomweyo, nyengo ikhale yofanana. Mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene chawononga.

Kodi throttle body yaikulu ikufunikadi?

Tiyeni tiwerengere. Injini ya malita 2 ikamazungulira pa 6,000 rpm, silinda iliyonse imakoka mpweya kamodzi pa kuzungulira kuwiri. Ndiye kuti ikadzaza masilinda kotheratu imakoka malita 6,000 pa mphindi, kapena malita 100 pa sekondi, ndipo injini wamba sifika n'komwe pamenepo. Throttle body ya mamilimita 60 imadutsa mpweya umenewo osavutika. Mukaika ya mamilimita 70, bowo lakula ndi 36 peresenti, koma masilinda akadali a malita 2, mavalavu ndi omwe aja. Zili ngati kukulitsa khomo la panja pamene makomo a zipinda akadali opapatiza.

Komabe ambiri amalumbira kuti galimoto inasintha ataika yaikulu. Sakunama. Kachitseko kakakulu kakangotseguka pang'ono kamalowetsa mpweya wambiri kuposa kakang'ono, ndiye galimoto imadumpha mukangokhudza chopondera. Mphamvu imene kale munkaipeza mutaponda theka tsopano ikubwera mutaponda kotala, koma ya pamwamba sinasinthe. Chimene mwataya ndi kufatsa: kunyamuka pa chitunda, kuyenda pa mzere wa magalimoto, kukhota pa msewu woterera, zonse zimavuta.

Throttle body yaikulu imayamba kupindulitsa injini ikasinthidwa mkati: camshaft yotsegula mavalavu kwambiri, head (mutu wa injini) yokulitsidwa njira, ekizozi yomasuka, manifold yaikulu, kapena supercharger (pampu yokankhira mpweya mu injini) imene imakoka mpweya kudzera pa throttle body. Zikatero kuyeza kwa MAP kuja kudzakuonetsani poyera. Opanga injini zothamanga ena anatsata njira ina, kuika kachitseko kake pa silinda iliyonse, monga pa Toyota 4A-GE ya mavalavu 20, Nissan RB26DETT ndi BMW S54, koma kuika zimenezo pa injini wamba ndi ntchito ya tsiku lina ndipo kumafuna kompyuta yosinthika. Tizitsulo toika pakati pa throttle body ndi manifold, totchedwa spacer, musataye nato ndalama pa injini ya ma injector a pa silinda iliyonse.

Mukatsimikiza kuti ikufunika, kwezani pang'ono: kuchoka pa 60 kupita pa 65 mwawonjezera kale 17 peresenti. Yezaninso kukamwa kwa manifold. Kukakhala kocheperapo, mpweya udzagunda m'mphepete ndipo phindu lidzathera pomwepo. Kukulitsa kukamwako kumachitika manifold itachotsedwa pa injini, n'kutsukidwa bwino pambuyo pake, chifukwa tizidutswa ta chitsulo tikalowa mu silinda timawononga.

Kumanga throttle body

Masulani batire kaye. Pa throttle ya magetsi izi n'zofunika kwambiri, chifukwa kamota kake kali ndi mphamvu yopana chala. Chotsani paipi ya mpweya, mapulagi, ndi chingwe ngati chilipo. Ma throttle body ambiri amadutsa timapaipi tiwiri ta madzi a rediyeta, totenthetsa chitsulocho kuti kachitseko kasaundane kukazizira. Tipaneni musanatizule, ndipo injini ikhale yozizira ndithu.

Masulani mabawuti, nthawi zambiri amakhala anayi. Palani gasiketi yakale ndi chopalira cha pulasitiki, muike yatsopano imene bowo lake likufanana ndi throttle body yatsopano. Mangani mabawuti modumphitsa, la pamwamba kumanzere kenako la pansi kumanja, pang'onopang'ono. Mabawuti ang'ono ngati amenewa amafuna cha pa 10 Nm, koma tsatirani buku la galimoto yanu, makamaka ngati manifold ndi ya pulasitiki, chifukwa mazinga ake amazuka msanga.

Pa throttle ya chingwe mudzasamutsa sensa ya TPS, yowerenga mmene kachitseko katsegukira, ndi valavu yoyendetsa idling (kulira kwa injini musanaponde moto) kuchoka pa yakale. Bwezerani batire, yatsani kiyi, muyeze TPS ndi multimeter: pa galimoto zambiri imakhala cha pa 0.5 V kachitseko katatsekeka, n'kukwera mosadumpha mpaka cha pa 4.5 V katatseguka konse. Chingwe chikhale ndi kampata pang'ono. Injini ili yozima, wina aponde mpaka pansi inu mukuyang'ana: kachitseko katseguke konse, ndipo akachotsa phazi kabwerere kokha msangamsanga. Kakamakakamira ngakhale pang'ono, galimotoyo isatuluke pa msewu. Kabawuti koimitsira kachitseko kanaikidwa kale ndi opanga, musakagwiritse ntchito pokweza idling.

Pa throttle ya magetsi, kompyuta imadziwa kuchuluka kwa mpweya umene uyenera kudutsa pa kutseguka kulikonse. Ikaona kuti zimene masensa akunena sizikugwirizana ndi zimene ikuyembekezera, imatha kudula mphamvu n'kukusiyani mukukwawa. Gulani yopangidwira galimoto yanu yeniyeniyo, ndipo yembekezerani kuti pulogalamu idzafuna kukonzedwa.

Mukamaliza kumanga

Onjezerani madzi a rediyeta ndi kutulutsa mpweya umene walowamo. Kompyuta iyenera kuphunziranso idling: galimoto zina zimaphunzira zokha mukazisiya zikulira zitatentha, magetsi ndi AC zili zozima, pamene zina zimafuna makina a diagnosis kapena ndondomeko yake ya kiyi ndi chopondera yolembedwa m'buku. Mvetserani ngati pali kulira kwa mluzu kuzungulira gasiketi. Njira yabwino yopezera pobowoka ndi makina opopera utsi. Kupopera mankhwala oyaka pa injini yotentha kumayambitsa moto.

Yendani masiku angapo, kenako werenganinso ma fuel trim. Akakwera kupitirira 10 peresenti, pali mpweya wolowa mozemba kapena MAF ikuwerenga molakwa. Nyali ya check engine ikayaka, nambala yake idzakulozerani: P0171 ndi petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya, P0101 ndi MAF yosagwirizana ndi zoyembekezeka, P0507 ndi idling yokwera, P2135 ndi masensa awiri a throttle osamvana. Musaponde mpaka pansi pamene P0171 ilipo. Ngati mwasintha kukula kwa paipi ya MAF kapena throttle body, pitani nayo kwa katswiri wa dyno (makina oyezera mphamvu ya injini) amene adzayeze kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo ndi sensa ya wideband injini ikukoka mwamphamvu.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku California zipangizo zotere zimafunika kukhala ndi nambala ya chilolezo ya EO yochokera ku CARB, bungwe la boma loona za utsi woipitsa mpweya, kuti galimoto ipambane mayeso a utsi, ndipo m'maiko ambiri kampani ya inshulansi imafuna kuuzidwa za kusintha kulikonse pa injini. Galimoto ikakhala ikadali pa waranti, funsani kaye. Bokosi lakale, paipi ndi throttle body ya fakitale zisungeni pamodzi ndi mabawuti ake, chifukwa manambala akasonyeza kuti IAT yakwera ndipo MAF sinasinthe, kuzibwezera ndi ntchito ya ola limodzi.

Pakatha mlungu umodzi mangitsaninso makilampu onse, popeza silikoni imafwamphuka ikatentha ndi kuzizira kangapo. Nthawi iliyonse yosintha oyilo, masulani paipi kuseri kwa fyuluta mupukute mkati ndi nsalu yoyera. Mukapeza fumbi losalala, fyuluta ikudutsitsa kapena kilampu yake siyikugwira, ndipo muyenera kukonza zimenezo musanayendenso.